Pa Sitima Palibe Tchire Lopatukira

Loweruka, 7 Disembala 2024. Doko la Buenos Aires.

Alipo: ine Lameck, amake Tamara, mwana wathu Tamara, ndi mwamuna wake a Damiano. Anthu anayi. Ena onse m'sitima muno akuti 2,100, osawerengera antchito.

Tinanyamuka ku Mkaika Lachiwiri m'mawa. Minibasi mpaka Katete, basi mpaka Lusaka, ndege zitatu. Mapazi otupa.

Ndilembe bwino kuti ndisadzasokoneze. Tamara ndi namwino pa sitima zimenezi, chaka chachisanu ndi chimodzi. A Damiano amakonza mainjini, kwawo ndi ku Italy. Anakwatirana chaka chatha pa 18 Novembala, ife tikuonera pa foni ya mphwanga Fredrick, pansi pa mango pamene pamagwira netiweki. Panopa onse awiri ali pa tchuthi, ndiye atitenga kuti tidziwane. Masiku 14 pamadzi. Kutsika pa 21.

Tamara ndi woyembekezera. Mwana mu Meyi. Anagwirizana kuti amange kwathu, Tamara asiye za panyanja, a Damiano azibwera pa tchuthi. Njerwa ndinaotcha kale mu Seputembala: 6,400. Ndazifunditsa pulasitiki.

Zoyamba sizinayende bwino. A Damiano ndi munthu wamtali, wandevu, wosekaseka. Atangotiona anatambasula manja n'kuthamangira amake Tamara, akufuula kuti "Mama! Mama!", milomo atasongola kale kuti awapsompsone patsaya. Amake Tamara anataya chikwama n'kukabisala kuseri kwa ngolo ya katundu. Zaka 61, bondo lodwala, koma liwiro limenelo sindinalionepo chikwatiranireni.

A Damiano posowa kolowera anapsompsona ine. Masaya onse awiri. Ndevu zobaya. Ndinapirira.

Kwathu mayi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sagwirana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Si chidani, ndi ulemu. Tamara akuti anawafotokozera, koma iwo anayankha kuti zimenezo zidzatha Mama akadzangoona mtima wawo.

Madzulo anatisonkhanitsa tonse, kutiphunzitsa kothawira sitima ikamamira. Ife anayi atiika boti limodzi, nambala 9. Amake Tamara anandinong'oneza: "Tawafunsani ngati palibe boti lina." Ndinati pa nthawi yomira palibe adzayang'ane zimenezo. Iwo anati, "Ine ndidzayang'ana."

Lamulungu, 8 Disembala. Montevideo.

Tchalitchi palibe. Tinapemphera m'chipinda, nyimbo ziwiri, motsitsa mawu.

Kodyera atipatsa tebulo nambala 44. Mipando inayi. Amake Tamara anafika pakhomo, kuona a Damiano atakhala kale ndipo akuwakokera mpando, anatembenuka n'kubwerera kuchipinda. Ndiye ine wonyamula mbale. Kuchokera kodyera, nsanja yachisanu, mpaka kuchipinda chathu, nsanja yachisanu ndi chitatu: mapazi 212. Katatu pa tsiku, kupita ndi kubwerera, 1,272. Woperekera zakudya wandifunsa ngati mayi akudwala. Ndinati ali bwino kuposa tonse.

Masana tinatsika kukaona mzinda. Dongosolo lake: Tamara ndi a Damiano patsogolo, ine pakati, amake Tamara mapazi makumi awiri m'mbuyo. A Damiano akaima kuti awadikire, iwonso amaima. A Damiano akabwerera kuti akawathandize chikwama, iwonso amabwerera m'mbuyo. Maola awiri. Taona msewu umodzi wokha, koma tauona bwino, chamtsogolo ndi cham'mbuyo.

Tiyi kapu imodzi m'tauni muno, nditatembenuza m'ndalama za kwathu, ndi mtengo wa mbewu ya chimanga kilo imodzi. Sindinamwe wachiwiri.

Lachiwiri, 10 Disembala. Panyanja.

Madzi okhaokha. Ngakhale mbalame zatisiya.

Uthenga wa Fredrick: mvula yagwa dzulo, yabwino, abzala chimanga munda wakumtunda. Mtima pansi pang'ono. Akutinso a Oscar a pa golosale akufunsa ngati njerwa ndikugulitsa. Ndati ayi, zili ndi eni ake.

Vuto lalikulu la sitima ndi njira zake. Tinjira topita kuzipinda n'topapatiza, kutambasula manja ukhudza makoma onse awiri, koma kutalika ngati mzere wa thonje. Uku zitseko, uku zitseko. Tchire lopatukira palibe. Amene anamanga sitimayi analibe apongozi.

Ndayamba kulemba nthawi za a Damiano. 6:30 amathamanga pabwalo la pamwamba. 7:45 kodyera. 10:00 amakacheza ndi anzawo kumainjini, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yabwino yotulutsa amake Tamara kukapitidwa mphepo. Ine ndimatsogola. Ndikaona ndevu ndimatsokomola kawiri. Lero ndatsokomola mpaka mzungu wina wachikulire wandipatsa maswiti a chifuwa.

Komabe zalephera kawiri.

Koyamba 11:20. A Damiano anatuluka kumainjini msanga. Ndinatsokomola mochedwa. Amake Tamara anatsegula chitseko chimene chinali pafupi n'kulowa. Inali kabati ya matawulo. A Damiano anaima pomwepo kucheza nane za mvula ya kwathu mphindi 14. Ine ndikuyankha, maso ali pa nsonga ya chitenje yopanidwa ndi chitseko.

Kachiwiri 4:05, pa chikepe chokwezera anthu kunsanja. Zitseko zitatseguka, m'kati muli a Damiano okha. Tisanabwerere, gulu la azungu ochokera kovina linatikankhira m'kati. Amake Tamara anachita zoyenera, kutembenukira kukhoma. Khoma lake galasi. Anatembenukira kwina, galasi. Kudenga, galasi. Titatuluka anali atatseka maso, ndikuwatsogolera ngati wakhungu. M'chipinda anati: "Mkamwini mmodzi ndinkamuthawa bwinobwino. Muja munali anayi, onse akundisekerera."

Ndinaseka. Sindinayenera kuseka. Mpaka pano sakundiyankhula.

Lachitatu, 11 Disembala. Panyanja.

A Damiano ndi munthu wabwino, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Satopa.

Dzulo maluwa pakhomo. Lero anakapempha mkulu wa kukhitchini kuti aphikire Mama chakudya cha kwawo ku Italy chimene akuti n'chofanana ndi chathu. Chinabwera ndi kakalata. Titavundukula: ufa wa chimanga ndithu, wophikidwa molimba ndithu, koma wachikasu.

Amake Tamara anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Chimanga cha 1992." Chaka cha njala chija, tikufola pa sukulu kulandira chimanga chachikasu, Tamara ali kumsana. Anati, "Mkamwiniyu akutikumbutsa kuti ndife anthu olandira chithandizo?"

Ndinati sakudziwa za 1992. Anati ndiye adziwe.

Ndinadya ndekha mbale yonse kuti ibwerere yopanda kanthu. Anathiramo tchizi. M'mimba simuli bwino.

Lachinayi, 12 Disembala. Panyanja. Kuzizira kwayamba.

Tsiku loipa.

Tamara anabwera kuchipinda 9:10, maso ofiira. Anakhala pabedi osapereka moni. Akuti a Damiano asiya kuimba posamba, chinthu chimene sichinachitikepo. Akuti anamufunsa: ngati masiku asanu okha pa sitima zili chonchi, kumudzi adzakhala bwanji zaka zonse, akuthawidwa ngati galu wachiwewe? Nanga mwana adzaona chiyani? Amayi awo ku Italy akonza kale chipinda, bedi la mwana analigula.

Mawu a Tamara monga ndikuwakumbukira: "Amayi, mwambo ndikuudziwa. Koma inu mwabisalamo. Mwamuna wa Precious, mkamwini wanu wa ku Vubwi, mumamuthawa mukuseka. Uyu mukumuthawa mutakwiya." Precious ndi mwana wathu woyamba. 

Ndiye Tamara anati matikiti ayenera kugulidwa tisanatsike pa 21. A ku Lusaka kapena a ku Italy. Ngati pofika tsikulo amayi ake sanakhale pa tebulo limodzi ndi mwamuna wake, agula a ku Italy.

Kwatsala masiku 9.

Atatuluka ndinayesa kulankhula. Mawu anga ndi ochepa kuyambira kale. Ndinangoti, njerwa zija ndinaumba ndekha, amake Tamara. Iwo anati, "Mdzukulu wanga ndi njerwa?" Ndinati ayi. Zinathera pomwepo.

Fredrick walembanso: a Oscar akweza mtengo. Mbuzi zang'amba pulasitiki mbali imodzi.

Lachisanu, 13 Disembala.

Mafunde. Akuti tikuzungulira nsonga ya dziko. Sindinaione. Ndaona ndowa.

Kapu yagwa katatu. Amake Tamara akupemphera m'Chinsenga cha kwawo ku Sinda, chimene amachita zinthu zikafika povuta.

A Damiano anabweretsa tiyi wa jinja pakhomo, akuyenda bwinobwino ngati ali pa msewu wa tala. Amake Tamara, osatha kudzuka, anadzifunda bulangeti kumutu. Atachoka anamwa tiyi yense, wanga womwe.

Mapazi lero: 0.

Loweruka, 14 Disembala. Ushuaia.

Nyanja yakhala bata. Tauni yaing'ono m'munsi mwa mapiri oyera pamwamba. Akuti kum'mwera kwake kulibenso tauni yaikulu. Mwezi wa Disembala, kwathu anthu akutuluka thukuta m'munda, ine ndavala majuzi awiri, jekete ya a Damiano yofika m'mawondo, ndi sokosi za amake Tamara m'manja. Dzuwa silidziwa nthawi yoweruka. Teni koloko usiku kukadali koyera.

Tinatsika awiri okha. Ana anatsala. Tinakhala pa benchi moyang'ana madzi, ndipo ndi pomwe amake Tamara anayankhula.

Akuti si ndevu, si chimanga chachikasu. Akuti mwana wawo anakwatiwa pa foni. Popanda nkhoswe, popanda munthu wobwera kudzagwada pakhomo, popanda amalume ake kufunsidwa. Ndipo pa nthawi yeniyeni yovekana mphete netiweki inathawa. Itabwerera anthu anali akudya kale keke. "Ndinabereka ndekha, ndinalera ndekha, ukwati wake ndaona bwalo lozungulira pa foni." Analira pang'ono. Misozi ndi mphepo ija, nkhope inachita kuuma.

Ndinati mnyamatayo sakudziwa njira. Anati ndiye ntchito ya nkhoswe imeneyo, kumuuza njira. Zoona. Koma nkhoswe yapafupi ili pa mtunda wa ndege zitatu.

Pobwerera analowa m'sitolo, n'kunditumiza kukaona mtengo wa mabatire amene sitikuwafuna. Ndinawaona pagalasi akugula kachipewa kaubweya, kakang'ono ngati chibakera. Akabisa m'chikwama cha Baibulo. Sindinafunse.

Kwatsala masiku 7.

Lamulungu, 15 Disembala. Kumapiri a ayezi.

Ndilembe mwadongosolo.

Ayezi wake si wa m'firiji. Ndi mtsinje wathunthu wouma gwa, wotsika kuchokera pakati pa mapiri mpaka kudzamira m'nyanja. Kutsogolo kwake khoma lalitali kuposa nyumba zosanja za ku Lusaka. Mtundu wake woyera, m'ming'alu mwa buluu ngati sopo wochapira. Wofotokoza akuti mtsinjewo umayenda, koma mapazi ochepa pa tsiku. Ndinati ngati Fredrick popita kukapalira.

A Damiano anatilembetsa tonse kuti tikwere boti laling'ono tikaone pafupi. Amake Tamara anavomera nditawalonjeza kuti tikwera omaliza, tikakhale kumapeto, kutali ndi mkamwini. Ndinawerengera zonse kupatula chimodzi. A Damiano ndi munthu wa pa sitima. Sanakakhale pansi. Anaima pakhomo la boti kuthandiza anzawo kutsitsa okalamba.

Nthawi 10:40. Boti likukwera ndi kutsika ndi madzi, pakati pa sitima ndi boti pali mpata wotseguka ndi kutsekeka. Ine ndinadutsa. Amake Tamara atafika, anaona dzanja lotambasulidwa, anayang'ana mwini dzanjalo kuyambira kumapazi, anazindikira nsapato. Anabisa manja awo m'chitenje n'kuponda okha.

Boti linatsika. Phazi linalowa mumpata.

Sindinathe ngakhale kufuula. A Damiano anawagwira m'chiuno ndi manja onse awiri n'kuwanyamula m'mwamba ngati thumba la fataleza, kuwatembenuza, kuwakhazika pa mpando. Mpata uja unatsekeka, phokoso lake ngati chitseko cha galimoto. Nsapato yakumanzere inatsala m'madzi. Tinaiona ikuyandama, kenako ayi. Ya ku Chipata, yogula mu Novembala, yovalidwa masiku 12.

Phazi lonyowa, kuzizira koteroko. A Damiano anavula chipewa chawo chaubweya, kugwada, kuliveka phazilo. Osayang'ana kumaso. Zimenezo ndinaziona, ndipo amake Tamara anaziona.

Malo ena okhala panalibe. Anakhala moyandikana, mayi ndi mkamwini, phazi lili m'chipewa. Tamara akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Titafika pafupi ndi khoma lija anazimitsa injini. Chete. Kenako kugunda ngati bingu la mvula yoyamba. Chigawo cha ayezi chachikulu ngati tchalitchi chathu chinang'ambika n'kugwera m'nyanja. Azungu kuwomba m'manja. Funde linabwera, boti linapendekeka, ndipo amake Tamara anagwira mkono wa a Damiano. Okha. Palibe anawakakamiza. Ndinawerenga mpaka 37 asanausiye.

Ine ndinali mbali inayo, mkono wanga uli pomwepo. Sindikudandaula. Ndikungolemba.

Tinabwerera kuchipinda. Madzulo amake Tamara, akupukuta phazi, anati: "Wandigwira. Tsopano aone chochita."

Zaka 38 ndili nawo. Mawu amenewo ndi chitseko chotsegulidwa pang'ono.

Lolemba, 16 Disembala. Punta Arenas. Mphepo yochotsa munthu chipewa.

Popeza nkhoswe palibe, ndakhala nkhoswe ndine. Wa mbali zonse ziwiri, komanso mpongozi. Akamva kwathu adzandiseka mpaka kumanda.

Ndinawapeza a Damiano 10:00 asanapite kumainjini. Chingerezi changa cha Giredi 7, chawonso chopindika, koma tinamvana. Ndinawauza mmene ndinachitira ine ku Sinda mu 1989. Ndinathawana ndi apongozi anga zaka zitatu. Precious atabadwa, ankhoswe anandiuza kuti nthawi yakwana. Ndinatenga nkhuku, ndinakagwada pakhomo pawo, ndinaipereka. Iwo anaiphika okha, tinadya mbale imodzi. Kuyambira tsikulo tinkacheza, mpaka anayamba kundituma kwambiri, koma zimenezo sindinanene.

A Damiano anandigwira mapewa. "Nkhuku? Basi nkhuku?" Anathamanga ndisanamalize.

12:30 kugogoda. Amake Tamara anathawira kubafa. A Damiano, atavala malaya oyera, pambuyo pawo mkulu wa kukhitchini ndi chipewa chake chachitali, akukankha kangolo. A Damiano anagwada bwino ndithu, mawondo onse awiri, m'kanjira muja anthu akudutsa chammbali. Anavundukula. Nkhuku yootcha, yonyezimira, mbatata mozungulira, ndimu atailowetsa kumbuyo.

Mawu anachokera kuseri kwa chitseko cha bafa, opita kwa ine: "Atate ake Tamara, afunseni. Anaipha ndani? Inali tambala kapena thadzi? Yafa liti? Ine nkhuku ya mkamwini ndimafuna ndiione ikuphethira."

Kulakwa n'kwanga. Mawu oti yamoyo sindinawatchule. Kwathu sitiwatchula, chifukwa palibe munthu angapite kwa apongozi ndi mtembo.

Mkulu wa kukhitchini akuti pa sitima pali nkhuku zoposa 3,000 ndipo palibe imene ikuphethira.

Tinadya ine ndi Tamara. Inali yokoma. Amake Tamara anakana, kenako ndinapeza mwendo umodzi palibe.

Kwatsala masiku 5. Doko lotsatira ndi Lachinayi, ndipo ndi lomaliza tisanatsike.

Lachitatu, 18 Disembala.

Mvula tsiku lonse, ikugwera m'nyanja pomwe palibe anabzala kanthu. Mapiri, mitengo, ayezi wina patali. Ndasiya kutuluka kukaona.

 Tamara ndinamuona akuyang'ana mitengo ya ndege pa foni. Sindinathe kuona kuti zopita kuti.

Fredrick: a Oscar akufuna yankho Loweruka, apo ayi akagula kwina. Sindinayankhe.

Lachinayi, 19 Disembala. Puerto Montt.

A Damiano anatsika 8:05, oyamba pa anthu onse. Okha. Tamara akuti anatenga takisi kupita kumidzi ya kunja kwa tauni. Sitima inyamuka 5:00, wochedwa amasiyidwa.

Ine ndinakadikira padoko pafupi ndi geti. Amake Tamara anati iwo alibe nazo ntchito, akakhala pabwalo la pamwamba kuothera dzuwa. Dzuwa kunalibe.

2:00, palibe. 3:00, palibe. 4:00 ndinayamba kupemphera.

4:22 anatulukira, matope mpaka m'mawondo, jekete yotupa mbali imodzi, akuyenda mowongoka ngati munthu wosalakwa. Pa geti pali alonda ndi makina ounika katundu. Chikwama chinadutsa bwino. Iwo anadutsa bwino. Mlonda anali atawabwezera kale khadi. Pomwepo jekete inalira, ndipo pakati pa mabatani panatuluka mutu. Thadzi lofiira. Likuphethira ndithu.

Lamulo lake n'lolimba: chamoyo sichikwera. Anabwera mkulu wa alonda, mnzawo wa a Damiano, akuyesetsa kusaseka. Anati akaumirira nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu ndipo ntchito ikhoza kutha. A Damiano anachonderera m'zilankhulo zitatu. Anati mphindi zisanu zokha, Mama aione basi. Akutambasula manja pofotokoza, monga amachitira, anaiwala kuti dzanja limodzi ndi limene lagwira nkhuku.

Inathawa.

Doko lalitali, mbali zonse madzi. Nkhuku patsogolo, a Damiano pambuyo, alonda awiri, ine kumapeto ndi jekete yofika m'mawondo. Anthu odzaza m'mipanda ya sitima, nsanja zonse, akujambula. A Damiano injini amaidziwa, koma nkhuku sanagwirepo. Amaithamangira molunjika, iyo n'kuwadutsa pakati pa miyendo.

Ndiye kuchokera kumwamba, mawu amene ndimawadziwa, amene amamveka kuchokera kudimba mpaka kunyumba:

"A Damiano! Osaithamangitsa! Itsekereni pakona! Pakona, inu! Tambasulani jekete! Ha, mwana wa eni ake uyu, anakulira kuti?"

Chichewa sakumva, koma dzina lawo analimva. Anaima. Anayang'ana kumwamba. Amake Tamara atatsamira mpanda, chitenje chili m'manja akuonetsa mmene amachitira, akuwayang'ana kumaso, pamaso pa anthu 2,100. Mawu oyamba a mayi kwa mkamwini, 4:41 madzulo.

Anatambasula jekete. Anaitsekera pakona pa mabokosi. Anaigwira. Anaikweza m'mwamba ndi manja awiri kuloza kwa amake Tamara, n'kugwada pa simenti yonyowa. Sitima yonse kuwomba m'manja kuposa tsiku la ayezi.

Nkhuku tinaisiya kwa mayi wina wogulitsa zipewa pa geti. Anaiyang'ana kumapazi ndi kuchifuwa asanailandire. Ndinaona kuti ndi munthu wodziwa.

Tinakwera 4:53. Amake Tamara tinawapeza abwerera kale kuchipinda, akusoka batani limene silinathothoke. Anati, "Ine ndimalankhula ndi nkhuku."

Kwatsala masiku 2. Nkhuku sinafike. Sindikudziwa ngati ziwerengedwa.

Lachisanu, 20 Disembala. Panyanja.

6:15 madzulo ndinatenga thireyi monga mwa masiku onse. Amake Tamara anati ndiisiye. Anali atavala chitenje cha ku mwambo wa Kulamba ndi duku, kumapazi masilipasi a m'bafa a pa sitima. Anatsogola okha. Mapazi 212, osandidikira kuti nditsokomole.

Tebulo 44. A Damiano anaimirira mpaka mpando unagwa. Amake Tamara anakhala, chammbali pang'ono, maso pa mchere. Analankhula kwa Tamara kuti amasulire, mawu aliwonse, osachotsapo.

Anati nkhuku anaiona ndi maso awo, inali yamoyo, thadzi labwino, ngakhale wogulitsa anawabera a Damiano chifukwa lasiya kuikira. Anati kugwada anakuona. Phazi lawo lilipo chifukwa cha mkamwini, zimenezonso akudziwa. Koma nkhuku sinafike m'manja mwawo. "Ndiye lero ndidya nawo pa ngongole. Nkhukuyo adzaipereke pakhomo panga ku Mkaika, amalume ako alipo, ndidzaiphike ndekha."

Tamara anasiya kumasulira. Anati, "Amayi, ndiye kuti tibwere?"

"Nanga nkhuku idzabwera yokha?"

Kenako anatulutsa kachipewa kaja m'chikwama cha Baibulo n'kukakankhira pa tebulo kwa a Damiano. Anati n'kobwezera chipewa chawo chimene chinavala phazi, ngati sikawakwana apatse wina. A Damiano anakayang'ana, anakaveka chibakera, analira poyera, bambo wandevu. Anadzuka atatambasula manja, milomo ikusongoka. Amake Tamara anakweza dzanja limodzi ngati wapolisi wa pamsewu: "Zopsompsonazo apitirize ndi atate ako."

Masaya onse awiri. Ndayamba kuzolowera.

Tinadya anayi. Woperekera zakudya anati wakondwa kuti mayi achira.

Loweruka, 21 Disembala. Valparaíso. Tikudikira kuitanidwa kuti titsike.

Matikiti agulidwa 7:50. A ku Lusaka. Adzafika pa 8 Malichi.

Ndalembera Fredrick: a Oscar akagule kwina. Fredrick agule pulasitiki yatsopano, amange mbuzi. Akuti njerwa 23 zaphwanyika pamene panang'ambika. Zatsala 6,377. Zikwana, khonde likachepa pang'ono.

Ndinawafunsa amake Tamara ngati anadziwa kuyambira kale kuti nkhuku yamoyo singakwere sitima. Chikwangwani chake chili pa geti iliyonse, chojambulidwa galu, mphaka ndi mbalame, ndipo iwo amayenda m'mbuyo akuwerenga chilichonse. Anapitiriza kupinda zovala. Anati, "Inu muzilemba zanuzo."

Ndikulemba.

Nsapato yakumanzere: yatayika, palibe wolipira. Yakumanja akuti tipita nayo.

A Damiano kwa amake Tamara: nkhuku imodzi, yamoyo. Sinaperekedwe.